Mlangizi Watsopano wa za Mitengo: Chaka Choyamba pa Malo a Ntchito

Mlangizi wa mbewu za m'munda akafika pa malo atsopano a ntchito mwezi wa Okutobala, pofika mwezi wa Epulo alimi amakhala ataona kale ndi maso awo ngati malangizo ake ali aphindu kapena ayi. Chimanga chimamuchitira umboni m'nyengo imodzi yokha. Mlangizi wa za mitengo alibe mwayi wotere. Mitengo ya gliricidia yobzalidwa m'munda wa chimanga kawirikawiri imayamba kuonetsa phindu looneka bwino cha m'chaka chachitatu, ndipo msangu umatha zaka khumi kapena kuposerapo usanakule kufika posintha zokolola za pansi pake. M'zaka zonsezi mlimi amakhala akuthirira, kupalira ndi kutchingira chinthu chimene sichinamubwezere kanthu. Chomwe chimamulimbitsa mtima pa nthawi imeneyi ndi chikhulupiriro chake mwa munthu amene anamuuza kuti abzale.

N'chifukwa chake miyezi yoyamba ya mlangizi wa za mitengo ili yolemera kuposa ya anzake. Popeza mtengo sunayambe kumulankhulira, anthu amamuyesa pa zinthu zooneka ngati zazing'ono: ngati anafika pa tsiku limene ananena, ngati anaodira asanalowe m'munda wa munthu, ngati machubu amene analonjeza anabweradi, ndiponso ngati manja ake amadziwa kugwira chikwanje. Phunziro lino ndi la alangizi amene angotumizidwa kumene ku dera latsopano, komanso la akuluakulu amene amawalandira ndi kuwayang'anira.

Mbiri imene mlangizi amaipeza ikumudikira

Wongotuluka kumene ku sukulu, kaya ku koleji ya za nkhalango ku Dedza kapena kwina, amaganiza kuti ntchito ikuyamba tsiku limene iye wafika. Eni mudzi saona choncho. Kwa iwo, iye ndi mmodzi mwa anthu ambiri amene akhala akubwera ndi nkhani ya nthaka ndi mitengo, ndipo si onse amene anasiya mbiri yabwino.

M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda ku Nyasaland linkakakamiza alimi kukumba milambala ndi kulima mizere yopingasa, ndipo olephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende. Malamulo amenewa anthu ankawatcha malimidwe, ndipo anadana nawo koopsa ngakhale kuti cholinga chake chinali kuteteza nthaka. Pambuyo pake, kwa zaka zambiri, wogwira ntchito za nkhalango amene munthu wakumudzi ankamudziwa anali mlonda wolanda nkhwangwa ndi mitolo ya nkhuni. Ku Malawi, mfundo za nkhalango za 1996 ndi lamulo la za nkhalango la 1997 zinatsegula khomo loti midzi izisamalira yokha nkhalango zake kudzera m'makomiti a zachilengedwe, ndipo ku Zambia lamulo la 2015 linachita chimodzimodzi kwa magulu a m'midzi. Koma lamulo limasintha msanga kusiyana ndi zimene anthu amakumbukira.

Palinso mbiri ya mitengo yeniyeniyo. M'zaka za m'ma 1980 alimi ambiri analimbikitsidwa kubzala bulugamu pofuna kuthetsa vuto la nkhuni. Ena anapindula ndi milimo ndi mapaso, koma ena anaona chiswe chikumaliza mbande zawo, ndipo amene anabzala m'malire a munda anaona chimanga choyandikana nayo chikunyentchera. Pa nthawi yomweyo mitengo ya lukina inkabzalidwa m'mizere pakati pa chimanga, kufikira pamene kachirombo koyamwa nsonga zake kanafika kum'mawa kwa Africa cha m'ma 1992 n'kufalikira kumwera. Mlimi amene anataya thukuta lake pa lukina sadzamva msanga za mtengo wina wachilendo wokonza nthaka, ndipo sakulakwa.

Choncho funso loyamba la mlangizi kwa akuluakulu a m'mudzi liyenera kukhala lofuna kudziwa ntchito za mitengo zimene zinabwerapo kale, amene anazibweretsa, ndi mmene zinathera. Akamva madandaulo okhudza mlangizi amene analipo iye asanabwere, amvetsere ndi kulemba, koma asathirirepo ndemanga. Wonyoza mnzake amene anachoka amaphunzitsa anthu mmene adzamunenere iyeyo akadzachoka.

Kulonjera amfumu ndi kuyendera dera

Ulendo woyamba kwa amfumu usakhale wa mlangizi yekha. Ndi bwino aperekezedwe ndi mlangizi wa zaulimi wa m'deralo kapena wantchito wina amene anthu amamudziwa kale, ndipo atsate ndondomeko ya ufumu: kwa a gulupu asanapite kwa a nyakwawa, ndipo komwe kuli kotheka, kwa mfumu yaikulu asanapite kwa a gulupu. Msonkhano wa mudzi amaitanitsa ndi amfumu. Mlendo amene amayamba ndi kumema anthu yekha, kapena kusankha komiti amfumu asakudziwa, amadabwa pambuyo pake kuona anthu akuvomera zonse pamsonkhano koma osabwera ku ntchito.

Pamaso pa amfumu pali mfundo imodzi imene iyenera kumveka poyera tsiku loyamba lomwelo. Alangizi ena, makamaka a m'boma, ali ndi ntchito ziwiri: kuphunzitsa za mitengo, ndi kuonetsetsa kuti malamulo a nkhalango akutsatidwa. Ngati zili choncho, anene. Kubisa mbali yachiwiriyi pofuna kukondedwa n'kudzitchera msampha, pakuti tsiku limene adzaoneke pa galimoto yolanda makala, anthu adzati ankawazonda nthawi yonseyi. Ngati ntchito yake ilibe mbali yogwira anthu, anenenso momveka, chifukwa anthu ambiri sasiyanitsa yunifolomu.

Akatha kulonjera, apemphe kuti amuyendetse m'deralo ndi miyendo. Ulendo umenewu ndi sukulu yake yoyamba, ndipo ayende kawiri: kamodzi ndi madoda, kamodzi ndi amayi. Madoda adzamuonetsa malire, mitengo ya matabwa monga mbawa ndi mlombwa, ndi malo amene kale kunali nkhalango. Amayi adzamuonetsa kutalika kwa ulendo wa kunkhuni, mitengo imene nkhuni zake zimayaka bwino ndi imene imafuka utsi, kumene kumapezeka masuku, maula ndi bowa, ndi chitsime chimene sichiphwa m'chilimwe. Pa ulendo wotere mlangizi afunse dzina la mtengo uliwonse umene sakuudziwa m'chinenero cha komweko. Maina a Chilatini ndi ofunika polemba malipoti, koma pansi pa mtengo amangoonetsa kuti munthu anapita ku sukulu. Gogo amene wafunsidwa dzina la mtengo ndi ntchito yake amakhala bwenzi la wofunsayo. Akale anati safunsa anadya phula.

M'midzi yambiri mitengo ikuluikulu yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Mlangizi wofuna mbewu yabwino amaiyang'ana ndi diso lakhumbo, koma kumanda salowako popanda chilolezo cha amfumu ndiponso popanda womuperekeza. M'midzi ya Achewa manda ena ndiwonso dambwe la gule wamkulu, ndipo munthu wosameta kulowako ndi mlandu. Kulakwa kumodzi kotere m'mwezi woyamba kukhoza kutseka makomo amene sadzatsekukanso.

Mwini munda ndani, mwini mtengo ndani

Pali funso limene alangizi atsopano ambiri amalidumpha, chikhalirecho ndilo limalongosola chifukwa chake mbande zogawidwa zimafera kuseri kwa nkhokwe zisanabzalidwe. Kubzala chimanga ndi kubwereka nthaka kwa nyengo imodzi. Kubzala mtengo kumaoneka ngati kunena kuti malowo ndi ako.

M'madera a chikamwini, amene ndi ambiri m'chigawo chapakati ndi chakumwera kwa Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi mbali zina za Tete, mwamuna amalima munda wa kwa mkazi wake. Banja likatha kapena mkazi akamwalira, iye akhoza kubwerera kwawo n'kusiya zonse zimene anabzala. Mkamwini wotere akamazengereza kubzala mbawa, si ulesi ayi. Nthawi zina abale a mkazi ndiwo amamuletsa, poopa kuti mitengo idzampatsa mphamvu pa malo a mbumba. Kumene mkazi anatengedwa chitengwa, kapena kumadera a malowolo monga kumpoto kwa Malawi ndi ku chigwa cha Shire, vutoli limatembenuka: mkazi ndiye amakhala mlendo pa malo. Wobwereka kapena wochita lendi munda nayenso sangabzale mtengo popanda kukangana ndi mwini wake.

Mlangizi sanatumidwe kudzasintha miyambo imeneyi. Chimene angachite ndi kudziwa amene ayenera kukhalapo pokambirana. Kwa chikamwini, kulankhula ndi bambo yekha chifukwa ndiye wabwera kumsonkhano n'kutaya nthawi. Mayi mwini munda, ndipo nthawi zina mwinimbumba, ayenera kumva nawo ndi kuvomera. Angathenso kusankha mtengo molingana ndi munthu. Amene sadziwa ngati adzakhalapo zaka zisanu zikubwerazi akhoza kulandira nandolo kapena mthuthu, zimene zimapindulitsa msanga, pamene mwini malo weniweni angalandire msangu kapena mitengo ya matabwa. Pa nkhalango ya mudzi, mafunso akuti adzadula ndani, liti, ndipo ndalama zidzasungidwa ndi yani ayenera kuyankhidwa ndi kulembedwa dzenje loyamba lisanakumbidwe. Mikangano yambiri ya m'makomiti imabuka mitengo itakula, koma mbewu yake imafesedwa m'chaka choyamba.

Malonjezo ndi kalendala ya nazale

Pa msonkhano woyamba anthu adzafunsa chimene mlangizi wawabweretsera: machubu, makeni, wilibala, mbewu, kapena alawansi. Mtima wofuna kusangalatsa umamukankha kunena kuti zonse zibwera. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Lamulo lake ndi lapafupi: alonjeze chokhacho chimene wachiona ndi maso ake mu sitolo ya ofesi, kapena chimene angachite ndi manja ake. Za zinthu zina anene kuti akapempha, ndipo adzabwere ndi yankho pa tsiku limene watchula, ngakhale yankholo litakhala lakuti zakanika. Anthu amakhululukira mlangizi wosauka. Amene sakhululukidwa msanga ndi uja amasowa m'mudzi chifukwa cha manyazi a lonjezo losakwaniritsidwa.

Nkhani ya alawansi ndi yovuta, chifukwa mabungwe ena azoloweretsa anthu kulandira ndalama pa msonkhano uliwonse. Ngati mlangizi alibe, anene asanayambe. Gulu limachepa, koma otsalawo ndi amene adzathirire nazale mu Okutobala.

Ntchito ya mitengo imawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku lobzala. M'madera ambiri a mvula ya nyengo imodzi, mbande ziyenera kulowa m'munda mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, kuti mizu izame chilimwe chisanafike. Ku Malawi nyengo yobzala mitengo ya boma imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma mlangizi wanzeru sadikira kumapeto kwake. Mbande yobzalidwa mu Malichi imakumana ndi dzuwa isanagwire. Mitengo ya gliricidia imafuna miyezi iwiri kapena itatu mu nazale, bulugamu miyezi itatu kapena inayi. Izi zikutanthauza kuti mbewu ndi machubu ziyenera kukhala zili m'mudzi mu Ogasiti kapena Seputembala. Mlangizi amene wafika pa malo mu Novembala asadzinamize kuti ayambitsa nazale yaikulu chaka chomwecho. Akhoza kuyamba ndi mitengo yofesa mwachindunji m'munda monga mthuthu ndi nandolo, kapena kuphunzitsa kusamalira zitsa zophukira, n'kukonzekera bwino nazale ya chaka chamawa.

Malo a nazale amasankhidwa poyang'ana madzi a mu Okutobala ndi Novembala, osati a mu Juni. Kamtsinje kooneka kodzaza nthawi yozizira kakhoza kukhala mchenga wokhawokha pamene mbande zikufuna madzi m'mawa ndi madzulo. Nazale yodalira mjigo wa mudzi imabweretsa mkangano ndi amayi otunga madzi akumwa, ndipo pa mkangano umenewo mbande sizipambana.

Kukula kwa nazale kumafunanso masamu pang'ono. Pa kafukufuku amene bungwe la ICRAF linayambitsa ku Makoka, kufupi ndi Zomba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mitengo ya gliricidia inkabzalidwa m'makwawa modumphitsa khwawa limodzi, motalikirana masentimita 90 mu mzere ndi mita imodzi ndi theka pakati pa mizere. Pamenepa pamalowa mitengo pafupifupi 7,400 pa hekitala, kapena pafupifupi 3,000 pa ekala. Kalabu ya alimi 20, aliyense atafuna ekala imodzi, ingafune mbande 60,000, zonse zothira dothi m'machubu ndi manja, zothirira ndi makeni, ndi zosenza pamutu kupita kumunda pa nthawi imene anthu omwewo akubzala chimanga ndi kuwokera fodya. Mlangizi amene wachita masamu amenewa salonjeza munda wonse. Amalangiza mlimi aliyense kuyamba ndi kachigawo kakang'ono kamene angakasamale, pamalo ooneka kwa odutsa m'njira. Msangu ndi wosiyana: pa mamita 10 mbali zonse, hekitala imalowa mitengo 100 yokha, ndipo ekala pafupifupi 40.

Kunena zoona za mtengo uliwonse

Palibe mtengo wopanda vuto lake, ndipo ndi bwino mlimi alimve kwa mlangizi asanalione yekha m'munda.

Mitengo ya gliricidia imathandiza nthaka pokhapokha ikamadulidwa pa nthawi yake ndipo masamba ake n'kukwiriridwa m'mizere. Ikalekereredwa imaphimba chimanga ndi mthunzi. Mlimi auzidwe kuti akulandira ntchito yoonjezera ya chaka ndi chaka, ndi kuti m'nyengo ziwiri zoyamba phindu limakhala lochepa kapena losaoneka n'komwe. Mlangizi amene amati mtengowu ukulowa m'malo mwa feteleza kuyambira chaka choyamba amagulitsa mbiri yake pa mtengo wotsika. Kafukufuku wa ku Makoka anaonetsa kuti zokolola zimakwera kwambiri mitengo ikakhazikika, ndipo zimakwera koposa pamene masamba aphatikizidwa ndi feteleza wochepa.

Jelejele, amene akatswiri a ku Msekera kufupi ndi Chipata anamuyesa kwa zaka zambiri pa njira yogoneka munda, amafuna kuti mundawo upume zaka ziwiri kapena zitatu. Njirayi ndi yotheka kwa amene ali ndi malo okwanira, koma kwa mlimi wa ku Chiradzulu kapena ku Thyolo amene munda wake wonse sukwana ekala, kugoneka munda ndi kugoneka banja ndi njala. Jelejele amagwidwanso ndi tizirombo todya masamba akadali wamng'ono. Iye pamodzi ndi mthuthu, umene ena amautcha ombwe, amasunga tinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu, choncho si oyenera m'munda umene mudzabzalidwe fodya kapena tomato posachedwa. Za mthuthu anenenso kuti masamba ake amapha nsomba, ndipo asamathiridwe m'mitsinje.

Msangu uli ndi khalidwe lodabwitsa limene alimi a m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa analidziwa kalekale akatswiri asanabwere: umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, kotero suphimba mbewu pamene zikukula. Koma mu nazale ndi wovuta. Khungu la njere yake ndi lolimba, ndipo liyenera kubooledwa pang'ono ndi chowengera zikhadabo, kumbali yotalikirana ndi kumene kumatulukira muzu. Muzu wake waukulu umathamanga kupita pansi, ndipo ukatulukira pansi pa chubu n'kulowa m'nthaka, umaduka posamutsa ndipo mbande imavutika. Ndi chifukwa chake machubu a msangu amaikidwa pa thandala kuti muzu ukatulukira uzifota wokha ndi mpweya, ndipo mbande sizisungidwa nthawi yaitali. Ikabzalidwa imakula pang'onopang'ono, mwakuti wopalira kapena wolima ndi ng'ombe amaidula osaiona ngati palibe chikhomo pambali pake.

Mlangizi akafunsidwa chimene sakuchidziwa, monga dzina la matenda ooneka pa masamba a mango, asapeke yankho. Atenge tsamba, akafunse kwa akuluakulu ake kapena ku malo a kafukufuku monga FRIM ku Zomba, ndipo abwerenso. Kubweranso kumeneko alimi amakukumbukira kuposa yankho lenilenilo.

Mbuzi ndi moto

Mbande zambiri sizifa m'dzinja. Zimafa pakati pa Julaye ndi Novembala, anthu atakolola, ziweto zitamasulidwa kuti zizidya paliponse, ndipo anyamata akutentha tchire posaka mbewa. Mlimi mmodzi payekha sangathetse zimenezi, pakuti mbuzi yodya mbande zake ndi ya mnansi wake, mwina ya amfumu amene. Kum'mawa kwa Zambia, m'zaka za m'ma 1990, nkhaniyi inafika kwa mafumu akuluakulu a Achewa ndi Angoni, amene anakhazikitsa malamulo oletsa kutentha tchire ndi kulekerera ziweto m'minda ya mitengo. Malamulowo anathandiza kumene a nyakwawa anawalimbikira, ndipo kumene anawalekerera zinthu sizinasinthe kwenikweni.

Mlangizi watsopano ayambitse nkhani imeneyi kwa amfumu mbande zisanabzalidwe, osati zitadyedwa. Asabwere ndi lamulo lolembalemba kuchokera ku ofesi. Afunse mmene mudzi umatetezera madimba ndi chinangwa m'chilimwe, pakuti kawirikawiri lamulo lilipo kale, longofunika kuti lifikenso ku mitengo. Eni ziweto akhale nawo pa zokambiranazo. Kulambula m'mbali mwa nkhalango ya mudzi kuchitike udzu usanaumitsitse, mu Meyi kapena Juni.

Manja ndi zida

Anthu ogwira ntchito ya manja amayang'ana manja a mlendo. Ogwira ntchito mu nazale ya boma, ena amene akhalapo zaka zambiri kuposa zaka zakubadwa za mlangizi, amadziwa pa tsiku loyamba ngati bwana watsopano anathirapo dothi m'chubu. Njira yachidule yopezera ulemu wawo ndi kukhala nawo pansi, kugwira nawo ntchito, ndi kufunsa chifukwa chake amasakaniza dothi, mchenga ndi manyowa mmene amachitiramo. Zosintha zibwere pambuyo pake, chimodzichimodzi, ndipo ziyesedwe kaye pa bedi limodzi.

Pophunzitsa, mlangizi achite yekha choyamba. Akumbe dzenje, asiyanitse dothi lapamwamba ndi lapansi, achotse chubu osagumula dothi la ku mizu, abzale mbande mozama mofanana ndi mmene inalili mu chubu, ndipo atsendere. Podulira nthambi yaikulu ayambe kucheka pansi pake pang'ono, kenaka pamwamba cha kutsogolo, kuti nthambi ikamagwa isasende khungwa la thunthu. Chitsa chotsalacho achidule pafupi ndi thunthu osakhudza mphuno yotupa ya patsinde pa nthambi, imene ndiyo imatseka bala. Chida chobuntha chimaphwanya mtengo ndi kutopetsa munthu, choncho tupa asasowe m'chikwama chake. Chida chobwereka chibwezedwe tsiku lomwelo, chotsukidwa.

Pali chiyeso china kwa achinyamata: kufuna kuonetsa mphamvu. Wina akapempha kuti amugwetsere mtengo waukulu wopendekera ku nyumba, kapena woyandikana ndi mawaya a magetsi, mlangizi amene sanaphunzire ntchito imeneyi akane poyera ndi kuthandiza kupeza odziwa. Pogwetsa mtengo uliwonse, anthu onse osagwira nawo, makamaka ana, akhale kutali kuposa kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo, ndipo wodula akhale atalambula njira yothawira asanayambe. Makina ochekera mitengo sagwiridwa ndi munthu wosaphunzitsidwa ndiponso wopanda zovala zodzitetezera, ngakhale anzake amuseke.

Za kavalidwe ndi nthawi n'zosafuna mawu ambiri. Nsapato zoyenera kumunda, kufika anthu asanafike, ndi kupewa masiku a msika. Maliro akagwa msonkhano umalephereka, ndipo mlangizi amene amapita kukakhala nawo pa siwa m'malo modandaula za pulogalamu yake amakhala waphunzitsa zambiri tsiku limenelo osatsegula pakamwa. Ngongole kwa alimi, mowa pa nthawi ya ntchito ndi zibwenzi m'mudzi umene akugwiramo zagwetsa alangizi odziwa ntchito ambiri.

Kuwerenga mitengo imene yapulumuka

Malipoti a ntchito ya mitengo amakonda kutchula chiwerengero cha mbande zofesedwa ndi zogawidwa, chifukwa ndicho chachikulu ndiponso chosavuta kupeza. Chiwerengero chimene chili ndi tanthauzo ndi cha mitengo yamoyo kumapeto kwa chilimwe. Kuwerenga mu Malichi, nthaka idakali yonyowa, kumasangalatsa aliyense. Kuwerenga koona ndi kwa mu Okutobala kapena Novembala, moto, mbuzi ndi chiswe zitadutsa.

Mlangizi awerenge pamodzi ndi alimi eni ake, munda ndi munda, ndipo pa dzenje lililonse lopanda mtengo afunse chimene chinaupha. Mayankho amenewa ndiwo amamuuza chochita chaka chachiwiri: ngati ndi kuchedwa kubzala, nazale iyambe msanga, ngati ndi chiswe, mtundu wa mtengo usinthidwe kapena malo, ngati ndi mbuzi, abwerere kwa amfumu. Chiwerengerocho apereke kwa akuluakulu ake monga chilili. Woyang'anira amene amadzudzula mlangizi watsopano chifukwa chonena chiwerengero chochepa koma choona amangomuphunzitsa kudzanama chaka chamawa, ndipo ofesi imayamba kupanga mapulani pa mitengo imene kulibe.

Zonsezi zilembedwe m'kabuku kamodzi kokhala pa ofesi ya dera: dzina la mudzi, mwini munda, mtundu wa mtengo ndi kumene mbewu yake inachokera, tsiku lofesa, tsiku lobzala, chiwerengero chobzalidwa ndi chopulumuka, mapangano amene anachitika kwa amfumu, ndi malonjezo amene sanakwaniritsidwe. Alangizi amasamutsidwa kawirikawiri msangu usanafike msinkhu wa munthu. Posamuka, kabukuko kaperekedwe m'manja mwa wolowa m'malo, ndipo ngati nthawi ilola, wochokayo amuperekeze yekha kwa amfumu ndi ku minda imene mitengo ili.